Nsanja Yokwera Yokha: Ngozi za Makina a Scissor Lift Pamalo Omanga

Kale mmisiri akafuna kufika kudenga ankaimika makwerero kapena kumanga nsanja, ndipo m'malo ambiri kwathu kuno ndi mmene zilili mpaka lero: mitengo ya bulugamu yokhomedwa ndi misomali, matabwa angapo oyala pamwamba, basi ntchito yayamba. Koma kumene kukumangidwa zipatala, mafakitale, masitolo akuluakulu ndi nyumba zosungiramo katundu kwafika makina amene akulanda malo a nsanja zoterezi. Pansi pake ndi kangolo ka matayala anayi. Pamwamba pali poima anthu, potchingidwa ndi zitsulo mbali zonse. Pakati pali mikono yachitsulo yolumikizidwa mopingasa, ngati zilembo za X zosanjikizana. Pampu ikakankhira mafuta mu silinda, mikonoyo imatambasuka ndipo nsanja imakwera molunjika kumwamba. Mafuta akabwerera m'thanki, mikono imapindika, nsanja n'kutsika. Makinawa amatchedwa scissor lift, ndipo ena mwa makampani odziwika owapanga ndi JLG ndi Genie a ku America, Skyjack ya ku Canada, Haulotte ya ku France ndi Dingli ya ku China.

Ubwino wake ndi wosachita kufunsa. Munthu amene ali pamakwerero amagwira ntchito ndi dzanja limodzi, linalo atagwirira, pomwe pa scissor lift amaponda ndi mapazi onse awiri pamalo athyathyathya, zida zake zili pambali. Nsanja yomanga imadya tsiku kuimika ndi kuphwasula, koma makina ang'onoang'ono amafika pamwamba mphindi imodzi isanathe. Amagetsi, opaka penti, oika mapaipi ndi okhoma siling'i amawakonda, ndipo pali chifukwa.

Vuto lagona pa kuphweka komweko. Kireni aliyense amaiopa, ndipo palibe amene angaikwere n'kuyamba kuiyendetsa asanaphunzire. Scissor lift siopseza munthu. Imayenda pang'onopang'ono, yamabatire sichita phokoso, mabatani ake ndi ochepa, moti munthu akaonerera mnzake kamodzi amayesa waidziwa. Pamalo ambiri kiyi amangosiyidwa pomwepo, wofuna kukwera n'kukwera. Mu 2016 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha anthu pantchito, la OSHA, linatulutsa chenjezo lapadera lokhudza makinawa. Linati m'chaka chimodzi chokha linafufuza imfa 10 ndi kuvulala kwa anthu opitirira 20, ndipo ngozi zonsezo zinali zopeweka.

Pamene matayala aponda

Tione makina amodzi ofala kwambiri, a Genie GS-1930. Manambalawo akunena msinkhu ndi m'lifupi mwake: nsanja imakwera mafiti 19, omwe ndi mamita pafupifupi 5.8, pomwe m'lifupi ndi mainchesi 30, kapena kuti masentimita 76. Anawapanga opyapyala chonchi dala kuti azitha kulowa pakhomo wamba. Amaloledwa kunyamula makilogalamu 227, kuwerengera anthu, zida ndi katundu yense. Chimene chimawaletsa kugwa ndi kulemera kwa kunsi, kumene kuli mabatire, thanki ya mafuta ndi zitsulo zochindikala, moti makina onsewo amapitirira tani imodzi.

Tsono chinthu chotalika chonchi, choima pa masentimita 76 okha, sichifuna zambiri kuti chipendekeke. Matayala a mbali imodzi akatsika ndi masentimita 5, nsanja kumwambako imasunthira kumbali ndi masentimita pafupifupi 40, kupitirira theka la m'lifupi mwa makinawo. Ndipo sikuti imasuntha mofatsa. Imagwedezeka mwadzidzidzi, n'kuponyera munthu ndi katundu yense mbali yomweyo imene ikupendekera. Pachifukwachi makina ambiri ang'onoang'ono ali ndi alamu yolira akapendekera cham'mbali kupitirira digiri imodzi ndi theka, kapena madigiri atatu chakutsogolo kapena chakumbuyo. Digiri imodzi ndi theka pa masentimita 76 ndi kusiyana kwa masentimita awiri okha pakati pa tayala lakumanja ndi lakumanzere. Diso la munthu silingakuone kusiyana kumeneko.

Malo omanga ndi odzaza ndi masentimita oterewa. Pali ngalande imene inakumbidwa dzulo kuti mudutse paipi, n'kukwiriridwa osapsinja dothi. Pali dzenje lovundikiridwa ndi pulayiwudu, chivundikiro cha chimbudzi cha pansi chimene chinapangidwa kuti chinyamule munthu osati tani, m'mphepete mwa silabu, chidutswa cha njerwa, chingwe chochindikala cha magetsi chodutsa panjira. Makina ambiri ali ndi zitsulo zimene zimatsika m'mbali nsanja ikangoyamba kukwera, kuti tayala likagwera m'dzenje chitsulocho chiyambe kugunda pansi. Zimathandiza, koma zinapangidwira kadzenje ka pa konkire, osati dothi lonyowa la nyengo yadzinja. Panja, padothi, pamayenera makina ena, a matayala akuluakulu, kawirikawiri oyendera dizilo, ena okhala ndi miyendo inayi yotsika pansi yowongolera makina asanakwere. Kutenga makina a m'nyumba n'kupita nawo padothi chifukwa choti ndi amene alipo ndi chiyambi cha ngozi zambiri.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri pankhaniyi ndi zimene anthu ena amachita ndi alamu. Ikamalira pafupipafupi imatopetsa, ndiye wina amaimata ndi tepi, wina amadula kawaya, wina amapana kaswichi ndi kamtengo kuti makina azikwera ngakhale ali pokhota. Wochita zimenezi mwina amatsika bwinobwino tsiku limenelo. Amene adzakwere mawa sakudziwa kuti makinawo sangamuchenjezenso.

Pali njira zina ziwiri zimene munthu amagwetsera makina ali pamwamba pomwepo. Yoyamba ndi kukoka kapena kukankha chinthu cham'mbali. Opanga makina amalola mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 40 okha, ndipo makina ena opyapyala amalola theka lake. Amuna awiri akamakoka chingwe cholemera cha magetsi chimene chakodwa penapake, mphamvu yawo imapitirira muyezo umenewu, ndipo chingwecho chikamasuka mwadzidzidzi nsanja imakankhidwira mbali inayo. Yachiwiri ndi kulemetsa nsanja ili kale m'mwamba. Makina akalemedwa ali pansi amalephera kukwera, munthu n'kudziwa. Koma anthu ophwasula mapaipi kapena zitsulo zakudenga amakwera opanda kanthu, n'kumaunjika zimene akuchotsazo pansanja, chimodzichimodzi, mpaka kulemera kupitirira malire ali mamita asanu kapena khumi kuchokera pansi. Makina atsopano ali ndi kachipangizo koyeza kulemera komwe kamawaimitsa, ndipo ku America miyezo yatsopano yotchedwa ANSI A92 inayamba kufuna zimenezi mu 2020. Makina akale ambiri alibe, ndipo ndi omwewo amene amagulitsidwa motchipa akatha ntchito kwawo.

Mphepo

Pa 27 Okutobala 2010, pa yunivesite ya Notre Dame m'chigawo cha Indiana ku America, wophunzira wa zaka 20 anakwera scissor lift kuti ajambule kanema wa timu ya mpira ya pasukulupo ikuchita zokonzekera. Anali mamita pafupifupi 12 kuchokera pansi. Tsikulo kunali mphepo yamphamvu, ndipo inawomba mwadzidzidzi pa liwiro la makilomita pafupifupi 85 pa ola. Makinawo anagwa, mnyamatayo n'kumwalira. Akuluakulu oona za chitetezo pantchito m'chigawocho analipiritsa yunivesiteyo chindapusa cha madola 77,500, chimene pambuyo pokambirana chinatsika kufika pa madola 42,000. Yunivesiteyo inasiya kukweza ojambula pamakina otere ndipo inaika makamera oyendetsedwa munthu ali pansi.

Ngoziyi sinachitike pamalo omanga, koma makina ake ndi amodzimodzi, ndipo mphepo sisankha malo. Makina ololedwa kugwira ntchito panja kawirikawiri amakhala ndi malire a mamita 12.5 pa sekondi, omwe ndi makilomita 45 pa ola. Amene analembedwa kuti ndi a m'nyumba mokha malire awo ndi ziro: saloledwa mphepo ina iliyonse, ndipo nyumba imene ilibe makoma kapena mawindo sinafike pokhala nyumba pankhani imeneyi. Mphamvu ya mphepo sikula molingana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Mphepo ya ku Notre Dame sinafike powirikiza kawiri malire a makilomita 45 aja, koma inkakankha mwamphamvu kuwirikiza katatu ndi theka.

Munthu amene ali pansi sangadziwe mphepo ya m'mwamba. Pansi pali makoma, milu ya njerwa ndi mitengo yotchinga, pomwe kumwamba kulibe, ndipo pakati pa nyumba ziwiri zazitali mphepo imapanikizika n'kuthamanga kwambiri. Choyezera mphepo chogwira pamanja ndi chotchipa poyerekeza ndi makinawo, ndipo chiyenera kuwerengedwa munthu ali pansanja, osati ali pansi. Katundu amene wanyamulidwa amasinthanso zinthu. Aliyense amene ananyamulapo lata panjinga tsiku lamphepo amadziwa mmene limamukokera kumene iye sakufuna. Pulayiwudu, galasi, chikwangwani kapena lona yomangidwa kuzitsulo za nsanja kuti itchinge dzuwa imachita chimodzimodzi, ndipo malire a makilomita 45 aja anawerengedwa popanda zinthu zimenezi. Kwathu kuno mphepo yoopsa kwambiri ndi ya mkuntho wotsogolera mvula zoyamba, imene chaka ndi chaka imasasula madenga a sukulu ndi matchalitchi. Imabwera kunja kuli zii, ndipo mitambo ikayamba kuda nsanja iyenera kutsika nthawi yomweyo, osadikira kuti fumbi liyambe kuuluka.

Kugwa

Zitsulo zotchinga nsanja pamakina amakono ndi zotalika mamita 1.1, ndipo munthu amene mapazi ake onse ali pansi pa nsanjayo n'kovuta kuti agwe. Anthu amagwa akafuna kufika pamene makina sanafike. Kwatsala masentimita 30 kuti afike pa nyale, ndiye amaponda chitsulo chapakati, kapena amaima pa chidebe cha penti, kapena amakweza makwerero pansanja pomwepo. Chitsulo chimene chimamufika m'chiuno tsopano chili m'mawondo. Ena amaiwala kutseka kachitseko kapena kukola tcheni cholowera. Ena amasandutsa makinawo chikepe, n'kumadumpha kuchoka pansanja kupita padenga, osaganiza kuti phazi likamachoka nsanja imagwedezeka ndipo mpata umatseguka pakati. Mankhwala a zonsezi ndi otopetsa koma ndi amodzi: tsikani, sunthani makina, kweraninso, ndipo ngati safikabe, makinawo ndi olakwika pa ntchitoyo.

Za lamba wodzimangirira akatswiri sagwirizana kwenikweni. Bungwe la International Powered Access Federation, lodziwika kuti IPAF, lomwe linakhazikitsidwa ku Britain mu 1983, limati pa makina okwera molunjika ngati awa lamba safunika nthawi zonse, pomwe pa makina a mkono wautali wotambasukira kumbali amafunika ndithu. Makontirakitala ena ndi opanga makina ena amalamula lamba paliponse. Chimene onse amavomereza n'chakuti ngati wavalidwa, chingwe chake chikhale chachifupi, choletsa munthu kutuluka m'nsanja, ndipo chikoledwe pa chokolera chimene opanga makina anaika, osati pa chitsulo chotchinga ayi, komanso osati pa mtanda wa nyumba imene ikumangidwayo. Ndipo tisamanamizane: makina akagwa, lamba sapulumutsa munthu.

Imfa ziwiri ku Adelaide

Ngozi imene anthu saiganizira ndi yopanidwa, ndipo ndi imene ndikufuna tikhalepo nthawi. Ku Adelaide, m'chigawo cha South Australia, kunamangidwa chipatala chachikulu chatsopano cha Royal Adelaide Hospital, chimene chinatsegulidwa mu Seputembala 2017. Inali ntchito ya boma, ya ndalama zambiri, yoyendetsedwa ndi makampani akuluakulu, m'dziko la malamulo okhwima a chitetezo. Mu Novembala 2014 bambo wa zaka 54 ankamata konkire ali pa scissor lift, pamalo opanikizika, ali yekha. Anapanidwa pakati pa zitsulo za nsanja ndi silabu imene inali pamwamba pake. Panalibe amene anaona zikuchitika. Mnzake wina anangomupeza ali chomwecho, ndipo anamwalira tsiku lotsatira. Mu Febuluwale 2016, pamalo omwewo, bambo wa zaka 63 anafa atapanidwa pakati pa scissor lift ndi mtanda wa pamwamba pa khomo, makinawo akudutsa pakhomopo.

Kupanidwa kumachitika motere. Munthu amakwera atayang'ana kumene akufuna kugwira, atawerama pa zitsulo zotchinga, ndipo saona paipi, mtanda kapena silabu imene ili kumbuyo kwa mutu wake. Makina amene amakweza makilogalamu 227 mosavutika samva kuti agunda munthu. Khosi kapena chifuwa chikapanika, thupi limagwera pa zowongolera, ndipo nthawi zina dzanja limakanikizabe chowongolera chomwecho chimene chikukweza nsanja. Munthu wopanidwa pachifuwa sangakuwe, chifukwa mpweya wokuwira alibe. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zinayi kapena zisanu umayamba kuwonongeka kosabwereranso. Ndiye pamalo pamene pali anthu mazanamazana, magalayindala akulira, munthu akhoza kufa mamita ochepa kuchokera pamene pali anzake, iwo osadziwa kanthu.

Zowongolera zimawonjezera vutoli. Pa makina ambiri kandodo kamodzi, ka joystick, ndi kamene kamayendetsa makina kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso ndi komweko kamene kamakweza ndi kutsitsa nsanja. Chimene chimasiyanitsa ndi kaswichi kapena batani losankhira. Munthu akaiwala kuti anasankha kukweza, n'kukankha kandodoko poganiza kuti akubwerera m'mbuyo, nsanja imanyamuka. Komanso makampani sanagwirizane mbali: pa makina ena kukankha kutsogolo n'kukweza, pa ena n'kutsitsa. Mmisiri amene dzulo anali pa makina a kampani ina, lero ali pa a kampani ina, dzanja lake limachita zimene linazolowera. Kabokosi ka zowongolera nakonso kamachotsedwa n'kupachikidwa mbali ina ya nsanja, ndipo kakatembenuzidwa, kutsogolo kumasanduka kumbuyo.

Mlandu umene boma linatsegulira omanga chipatalachi chifukwa cha imfa yoyamba ija unachotsedwa mu 2017 usanayambe kuzengedwa. Koma mu Novembala 2018 mkulu wofufuza za imfa m'chigawocho, a Mark Johns, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo. Anapempha kuti zowongolera za ma scissor lift zikhale zofanana pa makina onse, ndipo anati kufikira zimenezo zitachitika, makinawa asamagwiritsidwe ntchito popanda munthu wina pansi woyang'anira, wokonzeka kutsitsa nsanja pakachitika ngozi.

Mfundo yachiwiriyi ndi imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse m'mutu uno, chifukwa sifuna chipangizo chatsopano. Scissor lift iliyonse ili ndi zowongolera zina kunsi, ndiponso chotsitsira chadzidzidzi, kawirikawiri chogwirira chokoka, chimene chimatsegula njira yoti mafuta abwerere m'thanki ngakhale mabatire atafa. Koma chotsitsiracho chili malo osiyanasiyana pa makina osiyanasiyana, china kutsogolo, china kumbuyo, china m'mbali. Munthu amene sanachionepo sangachipeze pa mphindi zinayi, manja akunjenjemera. Woyang'anira pansi ayenera kuonetsedwa ntchito isanayambe, achikoke yekha ndi dzanja lake, aone nsanja ikutsika. Ayeneranso kudziwa kuti asanatsitse ayang'ane kaye mmene mnzakeyo wapanikira, chifukwa kusuntha kolakwika kungamupane koposa. Ntchito yake ndi imeneyo basi. Akapitawo ambiri zimawavuta kuona munthu wolipidwa atangoima, ndiye posakhalitsa mumamva kuti, “Achimwene, m'malo mongoima pamenepo takatengani simenti uko.” Akangochoka, wa pamwamba uja watsala yekha.

Pa za makomo, njira yabwino ndi yodziwika. Nsanja itsike mpaka pansi, anthu atsike, zitsulo zotchinga zipindidwe ngati khomo ndi lalifupi, ndipo woyendetsa atenge kabokosi ka zowongolera n'kumayenda pansi, motalikirana ndi matayala, osaima pakati pa makina ndi khoma. Masiku ano kuli zipangizo zozindikira chinthu chimene chili pamwamba pa nsanja n'kuimitsa makina, ndi zina zofuna manja onse awiri kuti nsanja ikwere. Ndi zabwino, koma sizili pa makina onse, ndipo sizingatsitse munthu amene wapanidwa kale.

Magetsi ndi zina

Makina onsewo ndi chitsulo, ndipo matayala ake sateteza munthu ku magetsi. OSHA imati pakhale mpata wa mamita osachepera atatu kuchokera pa mawaya a mphamvu yofika mavoti 50,000, ndipo mawaya amphamvu kuposa pamenepo amafuna mpata wokulirapo. Mawaya a ESCOM odutsa m'matauni mwathu, a mavoti 11,000 ndi 33,000, ali m'gulu limeneli. Magetsi amphamvu chonchi sadikira kukhudzidwa, amalumpha mpata. Poyeza mtunda muwerengerenso kutalika kwa chimene munthu wagwira, kaya ndi paipi, chitsulo kapena ndodo yopakira penti. Makina akakhudza waya, wa pansanja asagwire chilichonse ndipo asayese kutsika. Amene ali pansi asathamangire kukagwira makinawo, chifukwa chitsulo chonse ndi nthaka yozungulira zimakhala ndi magetsi. Choyamba ndi kuimbira eni magetsi kuti azimitse.

Zina n'zachidule. Makina a dizilo kapena petulo akagwira ntchito m'nyumba yotsekeka amadzaza mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo ndipo umapha. Mabatire akamatchajidwa amatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ndi moto wa ndudu. Sipanala yogwa kuchokera mamita 10 imaboola mutu, choncho pansi pa nsanja pazitchingidwa. Kutchingako kumatetezanso makinawo ku mathiraki ndi ma forklift, pakuti kugundidwa pang'ono kunsi kumakhala kugwedezeka kwakukulu kumwamba.

Maphunziro, malamulo ndi kuyendera makina

Ku Britain munthu amene waphunzira kuyendetsa makinawa kudzera ku IPAF amalandira khadi lotchedwa PAL Card, limene limagwira ntchito zaka zisanu. Pakhadipo pamalembedwa mtundu wa makina: 3a ndi wa ma scissor lift, 3b ndi wa makina a mkono wautali, ndipo kukhala ndi mtundu umodzi sikuloleza munthu kukwera winawo. Malamulo a dzikolo a mu 1998 okhudza zida zonyamulira amafuna kuti makina onyamula anthu aziyenderedwa mozama ndi katswiri miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito zomanga ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, malamulo a zomanga a mu 2014 amafuna kuti kontirakitala akhale ndi dongosolo lolembedwa loteteza anthu kugwa, komanso kuti ogwira ntchito akhale ndi chikalata cha dokotala chosonyeza kuti ali bwino m'thupi. Ku Malawi lamulo la chitetezo, thanzi ndi umoyo wa anthu pantchito la mu 1997 limaika pa olemba ntchito udindo wopereka zida zosaopseza moyo, kuphunzitsa antchito ndi kuwayang'anira, ndipo lamulo la mu 2000 ndi limene limanena za chipukuta misozi kwa wovulala pantchito.

Malamulowa amathandiza pokhapokha afike kwa munthu amene akukwerayo. Waganyu amene wapeza ntchito movutikira, makamaka kudziko la eni, savomera msanga kuti makina sakuwadziwa. Akafunsidwa amangoti, “Ndimawatha, bwana,” poopa kuti akanena zoona mawa sadzaitanidwanso. Buku la malangizo limene limakhala m'kabokosi pansanja nthawi zambiri ndi la Chingerezi, ndipo zomata zochenjeza zimakhala zitakutidwa ndi penti ndi simenti. Apa mlandu si wa waganyuyo. Kapitawo wabwino safunsa kuti “Mumawadziwa?” koma amati, “Tabwerani ndikuonetseni awa, chifukwa amasiyana ndi ena,” n'kumufotokozera m'chinenero chimene akumva. Makina ambiri pamalo omanga ndi obwereka, amabwera pathiraki m'mawa, ndipo wowabweretsa asachoke asanaonetse anthu zowongolera, chotsitsira chadzidzidzi ndi malire olembedwa pa kachitsulo ka makinawo: kulemera kololedwa, chiwerengero cha anthu, liwiro la mphepo ndi kupendekeka.

M'mawa uliwonse woyendetsa azungulire makinawo asanakwere. Aone matayala, mapini olumikiza mikono, zitsulo zotchinga, kachitseko, ndiponso ngati pansi padontha mafuta. Ayambe kuyesa zowongolera zakunsi, akweze nsanja yopanda munthu n'kuitsitsa ndi chotsitsira chadzidzidzi, kenako ayese zapamwamba, mabuleki ndi batani lofiira loimitsira zonse. Akatero ayende wapansi njira yonse imene makina adutse, akuyang'ana pansi ndi kudenga komwe.

Akapeza chovuta, ntchitoyo ndi ya makaniko, ndipo makaniko nayenso ali ndi ngozi zake ziwiri. Kuti afike pa silinda ndi mapaipi amayenera kukweza nsanja n'kulowetsa manja kapena mutu pakati pa mikono yopingasa ija. Chimene chagwira mikonoyo ndi mafuta okha, ndipo paipi ikamasulidwa kapena kuphulika, chitsulo chonsecho chimatsika. Opanga makina anaika chochirikiza chachitsulo chimene chimaimikidwa pakati pa mikonoyo, nsanja ili yopanda katundu, ndipo palibe dzanja loyenera kulowa pamenepo chisanaimikidwe. Ngozi yachiwiri ndi kufufuza podontha mafuta ndi chala. Mafuta a m'mapaipi amenewa amakhala opanikizika kwambiri, ndipo akamatuluka pa kabowo kakang'ono amaboola khungu n'kulowa m'mnofu. Kunja kumaoneka kabala ngati kobayidwa ndi singano, koma m'kati mnofu umayamba kufa, ndipo wochedwa kupita kuchipatala amatha kudulidwa chala kapena dzanja. Podontha pamafufuzidwa ndi katoni kapena kathabwa, ndipo amene wabayidwa ndi mafuta otere apite kuchipatala nthawi yomweyo, akauze dokotala kuti ndi mafuta a makina amene alowa m'thupi, chifukwa balalo limafuna opaleshoni pasanathe maola ambiri.